Mgolo Umene Tinatseka ndi Natsue

Shiohama, 12 Meyi 1968

Wokondeka mwananga Natsue,

Landira moni wochokera kuno kunyanja. Ndikhulupirira kuti chimfine unachoka nacho chija chinatha. Ine ndi bambo ako tili bwino, kupatula bondo lawo lija. Lero ndi tsiku la makumi anayi ndi limodzi chichokereni iwe. Kalata ino ndayamba ndailemba pa pepala lokutira shuga kenako nkuikopera pano, kuti amayi a nyumba imene ukuphunziramo ugeisha, luso lovinira ndi kuimbira alendo lija, akaiona asanene kuti unachokera kwa anthu osadziwa kugwira cholembera. Ukudziwa kuti sukulu ndinalekeza sitandade sikisi.

Mgolo wa nsomba za saba umene tinatseka limodzi uja uli bwino. Ndimakauzonda m'mawa uliwonse. Madzi ayamba kukwera pamwamba pa madeya, ndipo mwala unaika iwe uja sunapendekeke. Bambo ako akuti ndikamauyang'ana chonchi nsombazo zichita manyazi, sizipsa.

Kwa a Hamano agula wailesi ya kanema. Lachinayi lililonse madzulo timasonkhanako akazi asanu ndi mmodzi kuonera sewero la atsikana ophunzira ugeisha ku Kyoto konko. Muli kamtsikana kena dzina lake Satoyo, msinkhu wako ndithu, kongokhalira kukolopa ndi kulongedza nsapato za akuluakulu. Sabata yatha aphunzitsi ovina anakamenya padzanja ndi chokupizira. Ine ndinatuluka nkukaima kumpanda. Mayi Hamano anandiitana akuseka, akuti, "Masano, sanamenye wako, bwera udzakhale pansi." Nditabwerera ndinapeza mayi wophika wa m'nyumbamo atamuphikira Satoyo chakudya cha kwawo. Anadya misozi ikugwera m'mbale, ndipo m'mawa mwake anavina bwino.

Nchifukwa chake ndakutumizira heshiko ziwiri, saba zathu zosungidwa m'madeya ndi mchere zija, za mgolo wa chaka chatha. Uwapatse ophika. Asatsuke, angopala madeya pang'ono, aotche pamoto wochepa, chifukwa madeya akapserera amawawa. Uyambe wagawira amayi a nyumbayo ndi akuluakulu ako, iwe udye cha kumchira kumene umakonda. Kalatayi ndaiika m'phukusi momwemo kuti zisasiyane panjira.

Undiuze nthawi imene umadzuka, amene umagona nawo chipinda chimodzi, ndiponso ngati mpunga ukukukwanira. Usayankhe kuti zonse zili bwino. Uyankhe funso lililonse palokha.

Ndine mayi ako,
Masano


Kyoto, 30 Juni 1968

Okondeka Amayi ndi Bambo,

Ndikupereka moni mwaulemu m'nyengo ino ya mvula. Ine ndili bwino. Amayi a nyumba ino amandisamalira koposa, ndipo akuluakulu anga onse ndi okoma mtima. Ndikuphunzira kuvina, kuimba ng'oma yaing'ono ndi kulankhula monga amalankhulira anthu a kuno. Chakudya cha kuno nchokoma kwambiri, sindisowa kanthu.

Amatiloleza kalata imodzi pa miyezi iwiri. Pa chikumbutso cha mizimu ya makolo mu Ogasiti sindibwera, chifukwa wophunzira sapita kwawo chaka choyamba. Ndikudziwa kuti ntchito imakuchulukirani, choncho musavutike ndi kundilembera.

Bambo asamale bondo.

Ine mwana wanu,
Natsue


Shiohama, 8 Julaye 1968

Mng'ono wanga Shizu,

Moni. Alamu ali bwanji, nanga ntchito yanu yopanga tofu wa soya ikuyenda? Kuno tili bwino, koma mtima wanga suli m'malo.

Ndakukoperera kalata ya Natsue kuseri kwa pepala lino, mawu ndi mawu, kuti uone wekha. Mapukusi atatu ndatumiza, Meyi limodzi, Juni awiri, lililonse ndi kalata yake m'kati. Za nsomba sanatchule ngakhale liwu limodzi. Mafunso anga asanu ndi anayi sanayankhe nlimodzi lomwe. Akuti chakudya cha kumeneko nchokoma, akuti ndisavutike kulemba. Shizu, uyu ndi mwana amene ankanyambita madeya pa chala mgolo ukamatsekulidwa.

Ndaganiza kuti mwina anatsekula phukusi pamaso pa anzake, fungo nkudzaza nyumba, iwo nkumuseka kuti mwana wa msodzi. M'sewero la pa kanema muli mtsikana wina wa m'tauni amene amagwira mphuno Satoyo akamadutsa. Ngati zili choncho, ndamuchititsa manyazi ndine. Bambo ake akuti ndisiye kanemayo chifukwa ndikumabwerako maso ali ofiira ngati ndinali pa utsi. Koma ndikasiya ndidzaonera kuti mkati mwa nyumba ngati imene akukhalayo? Ndimayang'ana makwerero, pogona, kukula kwa mbale zawo. Mbalezo nzazing'ono kwambiri, Shizu.

Ndiwe unamupezera malowo, ndiponso ndiwe umakasiya tofu kukhitchini kwawo. Ukafunse ophika mwanzeru, osati mwamwano monga umachitira muja. Ngati wachita nane manyazi undiuze, ndisiya kutumiza. Undiuzenso ngati wanenepa kapena waonda, ndipo usandinamize.

Mkulu wako,
Masano


Kyoto, 5 Ogasiti 1968

Achemwali,

Moni nonse. Tili bwino, kungoti kutentha kwa kuno kwatiphika tonse pamodzi ndi tofu.

Inu ndi kanema wanuyo! Amene analemba seweroli sanalowepo m'khitchini ya nyumba ya ageisha, ndikulumbira. Ndinakawafunsa mayi Tane ophika aja, ndipo ndinafunsa mwaulemu, musaope. Anatukula thabwa la pansi pakhitchini pamene amasungira zinthu pozizira. Mapukusi anu atatu ali pomwepo, mfundo zanu zija osamasula. Ndinazizindikira, palibe wina amamanga mfundo zinayi pa phukusi la nsomba ziwiri.

Kuno mwana wa chaka choyamba salawa cha kwawo. Ndi lamulo la nyumba, ndipo si nkhanza. Mayi Tane akuti zaka zapitazo kunali mtsikana wa kumapiri amene anapirira zonse miyezi isanu ndi itatu. Tsiku lina mayi ake anamutumizira ndiwo zamasamba zoviika mumchere. Anadya m'mawa, madzulo anali m'sitima atavala nsapato za eni nyumba. Anandiuza kuti, "Mwana amapirira chokupizira, amapirira kugwada, koma fungo la kwawo sapirira." Chiyambire pamenepo phukusi lililonse limadikira mpaka mwana atuluke poyera kukhala geisha wamng'ono, amene kuno amati maiko. Makalata akadamupatsa, koma inu munawatsekera m'kati mwa nsomba, ndipo iwo phukusi la mwini satsekula.

Ndiye mwana wanu sanachite nanu manyazi. Sanalandire kanthu kanu chichokere kwanu. Ndinakumana naye Lolemba kosambira kwa tonse, nkumunong'oneza pamene timatsukana misana. Anangoti, "Atatu?" Kenako anadzithira madzi kumutu nthawi yaitali. Makalata ake amayamba awerenga amayi a nyumbayo, nchifukwa chake ija munalandira ikumveka ngati ya ku boma.

Munati ndisakunamizeni. Waonda. Mawondo ada ndi kugwada. Koma wayamba kuyenda mwina, khosi lili chilili, moti ndinatsala pang'ono kumuweramira.

Tsono mverani. Mukafuna, tumizani kwa ine kachidutswa kootcha kale, ndikampatsira kosambira, palibe adzadziwe. Koma mudziwe chimene mukuchita. Momwe ndamuoneramu, akangolawa mumuona pakhomo panu sabata isanathe. Ine sindinena kuti nchabwino kapena choipa. Mwana ndi wanu.

Shizu


Kyoto, 16 Sepitembala 1968

Amayi,

Iyi sawerenga aliyense, ndaisiya kwa amayi aang'ono. Pepani zolemba zokhotakhota, ndikulembera pabondo.

Ndinkayesa munakwiya chifukwa ndinakakamira kubwera kuno inu musakufuna. Tsiku lililonse ndinkatola makalata pakhomo nkukawapereka kwa eni ake, yanga osaoneka.

Ndinanama za chakudya. Msuzi wa kuno uli ngati madzi otsukira mbale a kwathu. Zonse nzotsekemera, zoyera, zodulidwa ting'onoting'ono. Ndikamakolopa makwerero malovu amadzaza m'kamwa ndikakumbuka heshiko pa mpunga wothira tiyi.

Aphunzitsi ovina ndi nkhalamba yaifupi kuposa inu, sayamikira munthu. Mawu awo ndi amodzi okha, "Bwereza." Pali gule wina wa mtsikana woyang'ana atsekwe akuuluka. Umatukula chokupizira pang'onopang'ono, maso nkutsatira nsonga yake, koma mutu usatsogole maso. Miyezi itatu ndinkalephera. Ankati ndikuyang'ana ngati munthu wofuna kudziwa ngati kugwa mvula. Lachisanu ndinakumbuka mmene timaimira pagombe kudikira bwato la Bambo, pamene kadontho kakuoneka koma sunadziwe ngati ndi iwo. Ndinatukula chokupizira ndikuganiza zimenezo. Choimbira cha nsambo zitatu chinaleka, chipinda chonse chinangoti zii. Aphunzitsi sananene kuti bwereza. Anangoti, "Wotsatira." Amayi, ndinabwerera kunyumba osamva kuti mapazi akuponda pansi. Ndinapezeka ndikubwereza dzanja lomwelo ndi chikolopa, mayi Tane nkundifunsa ngati ndikuthamangitsa ntchentche. Sindinadziwe kuti thupi langa lomweli, lonyamula madengu a nsomba, lingathe kunena kanthu popanda pakamwa.

Mayeso a gule ali mu Disembala. Ndikakhoza adzandipatsa dzina lina, ndipo pamenepo kuchoka nkovuta, chifukwa anthu ambiri adzakhala atandiikira umboni, ndipo ndingawachititse manyazi. Ngati nkubwera, ndi tsopano.

Amayi aang'ono andiuza za kachidutswa. Ndawauza kuti afunse inu. Ine ndikudzidziwa, ndikalawa sindikhala. Ndiye mukatumiza ndidziwa kuti mukuti bwera, ndipo ndibwera osadandaula. Ndakusowani kwambiri. Kodi mwala uja sunagwe?

Natsue


Shiohama, 27 Okutobala 1968

Shizu,

Moni. Wandilembera kawiri kufunsa yankho, pepa. Ndinalibe.

Ndikuuze zoona. Tsiku lomwe kalata ya mwana inafika ndinaotcha cha kumchira. Ndinachikuta m'mapepala atatu, nkulemba keyala yako. Phukusilo linakhala pa shelefu masiku awiri. Ndinkaona kale pamene adzagone, ndinayanika ngakhale zofunda zake. Bambo ake anaziona pachingwe koma sanafunse.

Lachitatu ndinanyamuka kupita ku positi. Pamzere panali anthu anayi, ndiye ndinatulutsa kalata yake kuti ndiwerengenso. Ukudziwa khalidwe langa lowerenga zinthu, limene umandiseka nalo chiyambire tili ana. Ndinawerenga mizere ndi chala. Za chakudya analemba mizere inayi. Za gule wa tsekwe mizere khumi ndi isanu ndi umodzi, ndipo zilembo zake pamenepo nzazikulu, zothamanga, mpaka kutulukira m'mphepete mwa pepala. Ndinawerenga kawiri kuti mwina ndalakwitsa. Wa positi anati, "Mayi Masano, mukutumiza kapena mukuphunzira?" Ndinamuuza kuti ndaiwala kanthu kunyumba.

Tinadya chidutswacho ndi bambo ake madzulo omwewo. Atadya anati ndaotcha mopitiriza. Sindinapitirize ayi, koma ndinawasiya.

Usampatse kanthu, Shizu, ngakhale atakupempha. Kalata ili m'munsiyi ndaitumizanso pa positi payokha, yopanda phukusi, kuti ipite poyera kudzera kwa amayi a nyumbayo.

Mwananga Natsue, moni. Mwala sunagwe. Mgolo wathu wadutsa chilimwe bwino ndipo fungo layamba kusintha, koma sunapse. Ukautsekula panopa upeza mchere wokhawokha. Ndidzautsekula nthawi yake ikakwana, ndipo cha kumchira ndi chako. Uzimvera aphunzitsi. Mawondo uzithira madzi ofunda. Ndine mayi ako.

Kanema ndimapitabe. Satoyo anathawira kwawo sabata yatha, mayi ake nkumulandira ndi mphika pamoto. Akazi onse analira. Ine ndinangoona kuti mphikawo unali wopanda kanthu, nthunzi sinkatuluka.

Masano


Kyoto, 9 Febuluwale 1969

Achemwali,

Moni. Konzani kimono yanu yabwino ija. Mwana anakhoza, ndipo tsiku lotuluka laikidwa, 10 Malichi. Dzina lake tsopano ndi Kikunae, muyambe kuliyeserera.

Ndikuuzeni ndondomeko kuti musadzandivutitse ndi mafunso. Adzatuluka masana atavala zakuda, nkuyenda khomo ndi khomo kupereka moni ku nyumba zonse za tiyi kumene ageisha amasangalatsira alendo, kwa masiku atatu. Masiku atatu amenewo si wanu, si wanga. Abale amaima m'mbali mwa msewu ngati wina aliyense. Musamuitane, musakweze dzanja, ndipo iye saloledwa kucheuka. Mudzalowera khomo la kukhitchini kukathokoza amayi a nyumbayo, basi.

Mwati alamu sangathe kukwera sitima ndi bondo lija ndipo mudzabwerera tsiku lomwelo. Chabwino. Koma chonde, zovala muziyanike panja sabata yathunthu. Kuno anthu amanunkhira maluwa.

Shizu


Shiohama, 13 Malichi 1969

Wokondeka mwananga,

Pa envelopu ndalemba Kikunae monga andiuzira, koma muno undilole. Natsue, moni. Ndinafika bwino, sitima inachedwa mphindi khumi ndi ziwiri zokha. Bambo ako ndinawapeza atapsereza mpunga.

Ndinabwera. Ndikulemba kuti udziwe, chifukwa sunandione. Ndinaima pafupi ndi mtengo wa magetsi, kutsogolo kwa sitolo ya zokupizira, kumbuyo kwa amuna ojambula zithunzi. Chitseko chitatsekuka ndinaona munthu wamtali pa nsapato zamatabwa, nkhope yoyera ngati mbale, mlomo wam'munsi wokha wofiira, lamba akulendewera mpaka ku akakolo. Ndinafunsa Shizu kuti wathu atuluka liti. Anandigwira dzanja nkuti, "Ndi ameneyo, achemwali." Sindinakhulupirire mpaka nditaona khutu lakumanzere, lija lopindika pang'ono ngati la bambo ako.

Unadutsa pafupi moti ndikadatambasula dzanja ndikadakhudza mkono wa kimono. Sindinatambasule. Ndinagwira phukusi ndi manja onse awiri. Sunacheuke, ndipo unachita bwino. Pa kanema, Satoyo atabwerera ku Kyoto nkutuluka ngati iwe, mayi ake anamuitana pakati pa msewu nkukumbatirana. Ine ndinakuyang'ana kumsana mpaka unakhota.

Mgolo wathu ndinautsekula pa 8. Zapsa bwino kuposa chaka china chilichonse, zofiirira mpaka pafupa. Ndinasankha zitatu, nkuzisiya kwa mayi Tane pamodzi ndi malangizo olemba. Amayi a nyumbayo anandilandira mwaulemu, akuti ndiwe wolimba mtima. Ine mawu onse ndinakonza m'sitima anandithawa, ndinangowerama kambirimbiri. Shizu wandikalipira kuti phukusi linadontha panjira nkundinyowetsa kimono, akuti kuyanika konse kuja kunapita pachabe. Ngati anthu a m'nyumbamo anamva fungo pa ine, undipepesere.

Sindikudandaula kuti sunadziwe kuti ndinalipo. Ndinakuona ine, nzokwanira. Koma undiuze ngati nsapato zija sizikupweteka, ndiponso ngati tsitsi lomangidwa chotero limakulola kugona.

Ndine mayi ako,
Masano


Kyoto, 24 Malichi 1969

Amayi,

Moni kwa inu ndi Bambo. Nsapato zimapweteka. Tsitsi silindilola kugona, timatsamira kathabwa pakhosi. Ndimadzuka isanakwane eyiti, timagona atatu, mpunga ukundikwanira. Mafunso ena asanu ndi limodzi ndiyankha mwezi wamawa, chifukwa makalata anu atatu aja andipatsa tsopano. Mafuta a nsomba analowa m'mapepala, mawu ena ndikuchita kuwaunika padzuwa.

Mwalemba kuti sindinadziwe. Amayi, ndinadziwa ndisanatsike pakhomo. Anandiuza kuti ndiyang'ane msana wa bambo wonditsogolera, ndisaone china chilichonse, ndipo ndinatero. Koma mphepo inachokera ku sitolo ya zokupizira. Msewu wonse unkanunkhira mafuta a tsitsi ndi zofukiza, ndiye pakati pakepo panabwera madeya ndi mchere ndi saba. Ndinadziwanso kuti ndi za mgolo watsopano, osati wa chaka chatha. Fungo linkakula ndikamayandikira, mpaka pa mtengo wa magetsi linali pa phewa langa lamanzere. Ndinachepetsa mapazi katatu. Wonditsogolera anang'ung'udza kuti, "Tiyeni, tiyeni." Ndikadalira, zoyera zonse zikadatsika, ntchito ya ola lathunthu. Ndiye ndinangopuma mpweya wambiri, nkuusunga m'chifuwa mpaka pokhota.

Tsiku lachinayi mayi Tane anaotcha. Malangizo anu anawapachika pakhoma nkumawerenga mokweza ngati chilengezo cha boma, nyumba yonse ikuseka, koma anatsatira onse. Anasintha chimodzi chokha, anadula ting'onoting'ono kuti tilowe m'kamwa osakhudza chofiira cha pamlomo. Akuluakulu anga anatsekula mazenera onse, kenako anapempha kuwonjezera. Amayi a nyumba ino anadya mbale ziwiri za mpunga wothira tiyi, chinthu chimene mayi Tane akuti sanachionepo. Atatha anandiyang'ana nkufunsa kuti, "Kikunae, sitima ya kwanu imanyamuka nthawi yanji?" Ndinayankha kuti sindikudziwa, ndili ndi gule mawa. Anati chabwino, idya.

Cha kumchira ndinadya ndekha, pang'onopang'ono.

Andilola kubwera masiku atatu mu Ogasiti. Saba za chaka chino zikayamba kugwidwa mutseke mgolo wina, koma mwala muuike mongoyembekezera. Inu mumauika mopendekera kumanzere. Ndidzaukonza ndikabwera.

Mwana wanu,
Natsue